Kachitini ka Paudala Kali Pawindo

Inu ana, kachitini ka paudala kali pawindo la chipinda changa, pakati pa Baibulo ndi dikishonale yothothoka chikuto ija, musakatenge. Taonga, ndikunena iwe. Ndinakuona dzana ukukagwedeza pafupi ndi khutu ngati chisekese. Ndi paudala wamba wa makanda, ndipo sikanatsegulidwepo. Mwandifunsa kangapo kuti nkhalamba yamakwinya ngati ine ikufuna kusalalitsa pati, ine n'kumangoseka. Lero ndiyankha, koma molemba, chifukwa ndikayamba kulankhula mumapirira mphindi zitatu, foni ya wina ikalira mwabalalika ngati anapiye aona mphamba. Komanso kulemba ndiwo matenda anga. Muona kumene anandifikitsa.

Ndiyambire patali, monga tichitira nkhalamba.

Atate anga anachoka kwathu ku Chipata ali mnyamata, atakwera pamwamba pa lole ya fodya. Ankati anayenda masiku anayi, kuwoloka Luangwa, kugona m'mbali mwa msewu, kudya mbatata zootcha ndi nthochi zouma, mpaka Lusaka. Kuchokera pamenepo sitima inawatula kuno, nalembedwa ntchito ku mgodi. Ine ndinabadwira m'Kasanda muno. Masiku amenewo wotchi sinali yofunika. Huta ya mgodi ikalira aliyense ankadziwa ngati ndi nthawi yodzuka, yoteleka madzi pa mbaula kapena yothawa atate akubwera. Tinkasewera m'fumbi la m'milu ya zotaya za mgodi, kutsetsereka ndi matako, kubwerako tili mbuu. Palibe anatiuza za mtovu. Inu lero amakubayani zala kuyeza magazi, amayi anu n'kumakuletsani kukhala padothi. Ena amati mtovuwo ndiwo unandiletsa kupitirira giredi yachitatu. Ine ndikudziwa kuti unali ulesi, koma pagulu ndimavomera za mtovu, zimamveka bwino.

Kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha pa nyuzipepala zokulungira vitumbuwa ndi kapenta. Vuto lake linali lakuti nkhani sizinkatha. Mpaka lero pali nkhondo zina za kunja zimene sindidziwa kuti anapambana ndani, chifukwa mafuta anadya mizere yomaliza. Nditalowa ntchito yopaka girizi mawilo a mabogi ku njanji, ndinkayenda ndi kabuku m'thumba la ovolosi, ndipo anzanga anandipatsa dzina lakuti Pulofesa. Ankandinyoza, koma ine ndinalilandira ndi manja awiri. Limenelo ndilo tchimo langa loyamba m'nkhani ino.

Tsopano ndikuuzeni za chimbuya, pakuti inu ana a m'tauni mumangochimva pa wailesi anthu akuseketsana. Makolo athu Angoni ndi makolo a Abemba anamenyana kalekale. Mikondo itatopa anagwirizana kuti azimenyana ndi pakamwa. Mubemba ndi mbuya wanga, ine ndine mbuya wake. Iye amanditcha wodya mbewa, ine ndimamutcha wodya pusi, ndipo palibe mlandu. Koma ntchito yeniyeni ya chimbuya ili pa maliro. Kwa ife akum'mawa kukagwa zovuta, ofedwafe sitigwira kanthu. Abemba ndiwo amatema nkhuni, kuphika, kukumba manda, kunyamula bokosi. Pamene akuchita zonsezo amatitukwana, n'kutithira ufa kumutu ndi kumaso mpaka tituwe ngati mizukwa. Kwa iwo kukagwa maliro, ifenso chimodzimodzi. Kale unali ufa wa chimanga kapena phulusa. Paudala wabwera ndi masitolo.

Mulenga ndinamudziwira pa maliro a atate anga. Anali mnyamata wolumikiza mabogi kuntchito kwathu, wamtali ngati mlongoti, wa mpata pamano. Sitinali tinalankhulanapo. Anangotulukira pakhomo ndi mbale ya ufa, n'kuyikhuthulira yonse pamutu panga.

“Mwamupha kapolo wanga!” anafuula. “Ndinakuuzani kuti mbewa muzichotsa mchira musanamupatse mudala. Taonani yamutsamwa!”

Kumanda analumphira m'dzenje limene anakumba yekha ndi anzake, n'kukhala pansi, n'kunena kuti malo abwino chonchi sangapatse Mngoni, agonamo yekha. Anakana kutuluka mpaka amayi anga atamulonjeza nkhuku. Amayi anali atatha masiku atatu osadya, osalankhula. Pamenepo anaseka. Anaseka misozi ili m'masaya, ndipo madzulo ake anadya. Mukamva wina akuti chimbuya ndi chipongwe chabe, muzimuuza za amayi anga.

Pobwerera kumandako Mulenga anandigunda ndi phewa.

“Iwe kadyambewa, nawenso ndidzakukwirira ndine.”

“Udzatsogola ndiwe,” ndinatero. “Nyama ya pusi sisunga munthu.”

Tinakangana za chimenechi zaka makumi anayi. Tikakumana pa msika, pa mpira, pakhomo la tchalitchi, moni wathu unali womwewo: “Ukali moyo? Fosholo yanga ichita dzimbiri.” Nditakwatira agogo anu aakazi, Rozaliya, iye anauza anthu kuti mtsikanayo ali ndi vuto la maso. Atakwatira Bana Chanda, ine ndinapita kukapepesa kwa makolo a mkaziyo. Mgodi utatsekedwa, tauni n'kuzizira ngati mbaula ya dzulo, tinkagawana thumba limodzi la ufa, kutukwanana kuli m'kati. Sindikumbuka tsiku limene ananditchula ndi ulemu. Ayi, ndanama. Ndikulikumbuka bwino lomwe, ndipo tikupita komweko.

Tchalitchi chathu chaching'ono chija mukuchidziwa, cha mabuloko ndi malata, chimene belu lake ndi chidutswa cha njanji chopachikidwa pa mtengo wa mango. Bambo Mfumu ankabwera kamodzi pa mwezi. Masondo ena onse ankatsogolera mapemphero anali katekisiti wathu, a Mubita, Mlozi wa ku Mongu, munthu wamfupi woyenda pa njinga yopanda mabuleki. Anakhala nafe zaka zoposa makumi awiri. Chinyanja chawo chinali chotsimphina, Chibemba chawo chinkayenda ndi ndodo, ndiye tonse tinkawaseka pamodzi, iwo n'kumaseka nafe.

M'tchalitchimo theka tinali akum'mawa, theka Abemba, kuphatikizapo Alenje eni dziko ndi ena ochepa. Kwaya inali imodzi koma oyambitsa nyimbo anali awiri, wa Chinyanja ndi wa Chibemba. A Mubita sankalemba kanthu. Ankaima pakhomo kupereka moni kwa aliyense wolowa, kuyang'ana nkhope. Mapemphero akayamba ankangotukula chala kuloza woyambitsa mmodzi. Akaona mayi amene mwana wake wagonekedwa m'chipatala, nyimbo yolowera inkakhala ya chinenero cha mayiyo. Akaona kuti akum'mawa tachuluka, ankayamba ndi Chibemba, ati kuti tisanenepe. Mawerengo ankagawa pakhomo pomwepo. Ine ndinkawerenga kawirikawiri, ndipo ndivomere kuti ndinkachedwetsa dala mawu aatali kuti anthu aone kuti sindikupunthwa.

Munthu akamwalira, a Mubita ankapita kaye kwa ofedwa kukapemphera pang'ono, kenako njinga inkalunjika kwa ambuya a womwalirayo. Ankangoima pa geti n'kunena kuti, “Kapolo wanu wagona.” Basi. Mapiki ndi mapoto ankatuluka okha.

Tonse tinkaganiza kuti zinthu zimangoyenda zokha, monga mwana aganizira kuti madzi amabadwira mu mpopi.

Chaka chimene Mapalo unayamba giredi yachiwiri, m'mwezi wa Okutobala kukutentha, a Mubita anagwa pa njinga pafupi ndi msika. Inali sitiroko. Pakamwa panapotoka, mawu anathawa. Patatha milungu itatu ana awo anabwera kudzawatenga kupita nawo ku Mongu. Tinawaperekeza ku siteshoni ya mabasi, iwo atakhala pawindo, akutiyang'ana mmodzimmodzi monga ankachitira pakhomo la tchalitchi. Anatisiyira makiyi ndi buku lalikulu lakuda. Ine ndinathamangira bukulo poganiza kuti malamulo onse ali m'menemo. Munali maina a obatizidwa okha.

Sondo yotsatira panalibe chala. Oyambitsa nyimbo anayang'anana, aliyense n'kudikira mnzake, kenako onse anayamba nthawi imodzi. Oimba ng'oma anasokonezeka, wina kutsata uyu, wina uyo. Tinaseka. Sondo yachiwiri tinasekanso, koma pang'ono. Yachitatu mayi wina ananena mokweza kuti, “Kodi tchalitchichi anagula ndi a ku Chipata?” Wina kumbuyo anayankha kuti, “Amene anaumba mabuloko ake akudziwika.” Palibe anaseka.

Bambo Mfumu atabwera tinawafotokozera. Anali wansembe wachinyamata, wotopa, wokhala ndi matchalitchi ambiri oti ayendere. Anati, “Ndinu akuluakulu, konzani nokha. Katekisiti wina abwera akapezeka.”

Tinakumana pansi pa mango. Anthu analankhula mpaka dzuwa kupendeka, osamvana. Pamenepo Pulofesa wanu anaimirira, n'kukonza kolala. Ndinati vuto lathu ndi lakuti a Mubita ankasunga zonse m'mutu, ndipo mutu umadwala, koma pepala silidwala sitiroko. Anthu anaomba m'manja. Ndinamva kukoma, ana inu, ndisakunamizeni. Kunyumba ndinabwereka lula wako, Mapalo, n'kujambula mzere wowongoka pakati pa pepala. Kumanzere ndinalemba Chibemba, Sondo yoyamba ndi yachitatu. Kumanja Chinyanja, Sondo yachiwiri ndi yachinayi. Nyimbo, mawerengo, zolengeza, kusesa, zonse.

Pamsonkhano wotsatira mayi wina anafunsa kuti, “Nanga maliro?” Ine osaganiza kawiri ndinawonjezera mzere pansi: maliro, mbali ya womwalirayo ndiyo iyimbe ndi kukonza zonse. Zinkaoneka zanzeru. Munthu aikidwe ndi nyimbo za chinenero chake, cholakwika n'chiyani? Ndinamata pepalalo pachitseko ndi misomali inayi.

Tikubwerera kunyumba, Mulenga anandiyandikira.

“Pulofesa,” anatero, “ine kuwerenga ndimachita kukwawa. Koma mzere uja wapakati ndauona. Ana ukawajambulira mzere pansi amadziwa okha kuti masewerawa ndi a mbali ziwiri.”

“Zamapepala zisiyire anthu,” ndinamuyankha. “Iwe kwera mumtengo ukafune ndiwo.”

Anaseka, koma mpata wa pamano uja sunaoneke.

Mvula isanathe, anthu anali ataphunzira kuwerenga pepala langa kuposa mmene ndinalilembera. Sondo ya Chibemba akum'mawa ambiri ankapezeka ndi zochapa, kapena mutu. Sondo ya Chinyanja Abemba ankapita kukaona odwala. Mabenchi theka ankakhala opanda anthu. Alenje ndi ena aja, amene pepala langa silinawatchule n'komwe, anayamba kukwera minibasi kukapemphera ku tauni, ena analowa matchalitchi a m'matenti ku Nakoli. Kwaya inang'ambika pawiri, iliyonse ndi yunifolomu yake. Maliro oyamba atagwa, a mkulu wina wa ku Petauke, Abemba angapo anabwera ndi mapiki monga mwa kale. Mnyamata wina wa mbali yathu anawauza mwaulemu kuti, “Zikomo, koma mwa pepala tikonza tokha.” Anabwerera ndi mapiki awo paphewa.

Kenako inafika Sondo yachisanu.

Inde, sekani. Munthu amene anawerenga dikishonale kuyambira A mpaka pamene masamba anathothokera sanadziwe kuti miyezi ina imakhala ndi Masondo asanu. Kalendala inali pakhoma pomwe ndinkalembera, ya chithunzi cha feteleza. Tsiku limenelo mbali zonse zinabwera zodzaza, aliyense ndi yunifolomu, aliyense akuti tsikuli ndi lathu. Anakanganirana ng'oma mpaka chikopa cha ng'oma yaikulu chinabooka. Mapemphero sanachitike. M'mawa mwake pachitseko panali maloko awiri, wina pamwamba pa mnzake, ndipo makiyi anali m'matumba osiyana.

Bambo Mfumu anaitanitsa msonkhano. Tinakhala pansi pa mango paja, koma tsopano mabenchi anayang'anizana. Wolankhulira mbali ya Abemba anali Mulenga, wa mbali yathu ndinali ine. Nkhope zinali zolimba, achinyamata ataima kumbuyo manja ali m'chifuwa. Ine ndinaganiza kuti mankhwala ndikuwadziwa, omwe aja anaseketsa amayi anga kumanda. Ndinaimirira n'kunena kuti, “Bambo, musadabwe. Anthu odya pusi akaona loko amaganiza kuti ndi chipatso, amafuna kuthyola.”

Zii.

Ndinadikira kuti Mulenga andibwezere za mbewa. Akanangotero, anthu akanaseka, maloko akanachoka tsiku lomwelo, ndikukhulupirira mpaka lero. Koma kumbuyo kwake mnyamata wina wobadwira m'tauni muno, amene mawu otere anali asanawamvepo akuchokera mumtima wabwino, anafuula kuti, “Mwamva? Atitukwana pamaso pa ansembe!” Anthu ake anayamba kung'ung'udza. Mulenga anawayang'ana, n'kundiyang'ana ine. Anavula chipewa.

“Ba Zulu,” anatero, “ndikupemphani, tiyeni tilankhulane mwaulemu. Inu ndinu munthu wamkulu.”

Ba Zulu. Inu. Ndamenyedwapo ndi chitsulo cha bogi pa bondo, ndinagona m'chipatala milungu iwiri, koma sizinapweteke chonchi. Ndinakhala pansi ndili wolemekezeka.

Msonkhanowo unagamula kuti Sondo yachisanu izikhala ya Chizungu. Maloko anachotsedwa. Bambo Mfumu anati mtendere wabwerera.

Musaganize kuti ndinangopinda manja. Ndinapita m'mamawa wina kukazula pepala lija pachitseko, n'kuling'amba. Pofika Sondo panali lina, lotayipidwa bwino, chifukwa achinyamata anali atalijambula pa mafoni. Ndinalemba kalata ya masamba asanu ndi limodzi kwa a Mubita kufunsa kuti ankachita bwanji. Anayankha ndi mwana wawo wamkazi, mizere itatu. Anati anawawerengera yonse, atate analira, kenako anatukula chala chimodzi, koma palibe anadziwa chimene akuloza. Katekisiti watsopano anabwera patatha zaka ziwiri, mnyamata wabwino wophunzira, ndipo atapeza pepalalo anayamikira dongosolo lake, n'kukalikutira m'pulasitiki kuti mvula isaliwononge. Anafunsa kuti analemba ndani. Anthu anandiloza. Anandigwira chanza ndi manja awiri.

Ndinayesanso kupita Masondo a Chibemba. Ndinkakhala pa benchi yakumbuyo, anthu n'kundisiyira malo aakulu mbali zonse ngati ndili ndi chifuwa chachikulu. A mbali yathu anayamba kunditcha kazitape. Nditapita kanayi ndinaleka. Mulenga tikakumana pamsewu ankati, “Mwashibukeni, Ba Zulu,” ine n'kuti, “Mwauka bwanji, Ba Mulenga,” aliyense n'kupitirira. Lilime linkandiyabwa kuti ndimufunse za fosholo, koma ndinkaopa kuti andiyankhanso mwaulemu. Kawiri sindikanapirira.

Agogo anu aakazi okha ndiwo sanaphonye Sondo ndi imodzi yomwe. Ankamanga chitenje chawo, kutenga kolona, n'kupita, kaya ndi Chibemba kaya ndi Chizungu chimene sankamva n'komwe. Ndikawafunsa ankati, “Atate ake a Dalitso, Mulungu simunamupatse kope la pepala lanu. Iye amabwera Masondo onse.” Tsiku lina akusankha nyemba anandiuza kuti, “Pitani ku Makandanyama mukamutukwane mnzanu. Mukudwala nonse awiri.” Ndinati ndipita mvula ikatha. Itatha ndinati ndipita kukafunda. Munthu wowerenga sasowa chifukwa.

Rozaliya anatisiya m'mwezi wa Juni, zaka zitatu zapitazo. Inu munalipo, ndipo ndinakumvani mukuuza anzanu kuti maliro a agogo anayenda bwino. Anayendadi bwino. Panali pologalamu yosindikiza ya chithunzi chawo. Kwaya ya Chinyanja inaimba mosalakwitsa. Anaphika ndi amayi a mbali yathu, amene anayenera kukhala pansi kumalira. Manda anakumba anyamata aganyu osamudziwa n'komwe womwalirayo. Munthu aliyense amene anabwera kwa ine anagwada pang'ono n'kunena kuti pepani. Pepani, pepani, pepani, tsiku lonse, ngati madontho a denga lodontha. Palibe anati ndamupha ndi mbewa. Palibe anati mkazi wokongola chonchi wapumula ku nkhope yanga. Ndinavala suti yanga yakuda ija kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo pobwera kumanda inali yakuda bii, yoti n'kuibweza m'sutikesi osachapa. Chisoni chinalowa m'kati n'kukhala, popeza panalibe wochigwedeza.

Mulenga anabwera. Anaima patali pafupi ndi mpanda, dzanja limodzi lili m'thumba la jekete. Anthu atachepa anayandikira, n'kuima patsogolo panga nthawi yaitali ndithu. Ine mumtima ndinkati, nena, wodya pusi iwe, nena. Anatambasula dzanja lina, losakhala la m'thumba lija, n'kundipatsa.

“Pepani, Ba Zulu.”

“Zikomo pobwera, Ba Mulenga.”

Chaka chatha ndinamva kuti wagona, miyendo yatupa. Ndinati ndipita Loweruka. Lachinayi uthenga unafika kuti watsogola. Mkangano wathu wa zaka makumi anayi ndinapambana ine, ndipo panalibe woti ndimuuze.

Ndinalowa m'kantemba ka pakona n'kugula kachitini kaja. Ndinayenda wapansi mpaka ku Makandanyama masana dzuwa lili pamutu, kachitini kali m'thumba, ndikuyeseza mawu m'njira monse ngati mwana wa katekisimu. Ndinati ndikafika ndifuula kuti kapolo wanga wagwa mumtengo, ndinamuuza kuti nthambi zouma azisiye. Ndinati ndikathira Bana Chanda, ndikathira ana ake onse, kenako ndikalowa m'dzenje n'kukana kutuluka, ngakhale kuti ndi bondo langali akanachita kunditulutsa ndi chingwe.

Pabwalo panali tenti ndi mipando ya pulasitiki. Abemba okhaokha, akudziphikira okha, akudzitemera okha nkhuni. Wakum'mawa ndinali ndekha. Maso onse anatembenukira kwa ine, ndipo ndinamva wina akunong'ona kuti, “Ndi aja a pepala.” Mnyamata wofuula uja, amene tsopano ndi wapampando wa mbali yawo, anandilandira mwaulemu n'kundilowetsa m'nyumba mmene munali amayi.

Bana Chanda anali pansi pa mphasa, atatsamira khoma. Atandiona anasiya kulira. Anayang'ana nkhope yanga, n'kutsitsa maso kuyang'ana thumba langa lotukumuka. Kenako, ana inu, mayi uja anakankhira duku lake kumbuyo pang'ono, imvi n'kuonekera, n'kuweramitsa mutu kwa ine. Anadikira.

Amayi a yunifolomu ya kwaya anali kundiyang'ana. Zala zanga zinali pa chivindikiro. Ndinamvanso mawu aja a pansi pa mango, atitukwana, atitukwana, ndipo ndinaganiza kuti bwanji wina akafuula, bwanji akanditulutsa pa maliro a mnzanga. Ndinagwada ndi bondo langa labwino.

“Pepani, mayo,” ndinatero.

Anakhala choweramitsa mutu kanthawi. Kenako anabweza duku lake bwinobwino, n'kulimanga.

“Tsiku la maliro a Bana Dalitso,” anatero motsitsa mawu, “mnzanu anabwera kunyumba ndi ufa wodzaza thumba la jekete. Ndinachapa ndine. Anati dzanja linakana.” Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. “Mlungu wathawu ankafunsa kuti, kadyambewa uja sanabwere? Ndinati abwera. Anati akabwera umuuze kuti fosholo ndamusiyira, ili kuseri kwa chitseko.”

Sindinaitenge. Ndinatuluka, n'kukhala pa mpando wa pulasitiki mpaka mapeto, ndipo kumanda ndinaponya dothi langa mwaulemu ngati mlendo.

Tchalitchi chikadalipo. Pepala likadali pachitseko, ndipo ana amene akubatizidwa lero amaganiza kuti linabwera ndi amishonale. Anthu sakangananso, poti sakumana. Ine ndimapita Sondo yachisanu yokha, kanayi kapena kasanu pa chaka, kukamvera Chizungu chimene ndinaphunzira pa mapepala a vitumbuwa. Ndalapa kwa ansembe atatu osiyana za nkhaniyi. Onse anandifunsa kuti tchimo lenileni ndi liti pamenepa, ndipo ndinalephera kulitchula. Kujambula mzere ndi lula si tchimo lolembedwa paliponse. Ndafufuza.

Tsono mverani. Masiku anga satalikanso, miyendo yayamba kundiuza. Ndikadzagona, a mbali yathu adzabwera ndi yunifolomu, adzaimba bwino, adzati pepani. Alandireni, ndi anthu abwino. Koma mbuya ndilibenso, ndinamutaya ndekha kawiri. Watsala ndiwe, Mapalo. Amayi ako ndi Mubemba wa ku Kasama, ndiye theka lako ndi la pusi, ngakhale umadya soseji. Theka limenelo likwanira. Udzatenge kachitini kali pawindo, udzatsegule. Udzathire atate ako Dalitso kumutu mpaka suti ituwe, udzathire azakhali ako, Taonga usamusiye. Udzanene mokweza kuti mudalayu yamutsamwa mbewa, ndiponso kuti anawerenga mabuku onse a m'Kasanda koma kalendala inamugonjetsa. Anthu adzakuyang'ana moipa. Dzanja lidzafuna kukana, ndikulidziwa dzanja limenelo. Usadzalimvere.

Ndipo chonde, ana inu, zimenezi musadzazilembe pa pologalamu.